Mdzukulu wanga umuuze nkhani yonse ya ku Glenrowan

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, mvula yokha ndiyo ikuzengereza. Amayi ako akupereka moni kwa iwe, kwa akamwini ndi kwa ana. Chithunzi cha mdzukulu wanga atavala ndowa kumutu, ati ndi Ned Kelly, chifwamba chotchuka cha ku Australia chimene chinavala chisoti chachitsulo, chinawaseketsa mpaka misozi. Inenso ndinaseka, koma poti mwakhazikika ku Wangaratta, m'chigawo cha Victoria ku Australia, ndipo Glenrowan ndi pakhomo penipeni, ndati ndikulembere. Mwanayo akula akumva dzina limeneli, ndiye asamve mbali imodzi yokha.

Nkhani ya dera limenelo imayambira pa malo. Azungu oweta nkhosa ndi ng'ombe analowa kumpoto chakum'mawa kwa Victoria cha m'ma 1830 ndi 1840, n'kudzitengera madambo a eni dziko, Aaborijini, popanda kupempha. Dzina lakuti Glenrowan linachokera kwa pachibale awiri a banja la Rowan amene ankaweta ziweto pamenepo. Golide atapezeka mu 1851 anthu anakhamukira ku Victoria, ndipo atayamba kusowa, khamu lomwelo linayamba kulirira minda. Boma la atsamunda linakonza malamulo angapo. La 1869 linkalola munthu kusankha maekala mpaka 320, azilipira pang'onopang'ono, bola amange mpanda, alime, ndi kukhala pomwepo. Papepala zinali bwino. Koma eni nkhosa anali atagwira kale malo a m'mbali mwa mitsinje, ena polembetsa mayina a antchito awo ndi achibale. Wosauka ankatsala ndi nthaka yowuma, ndipo chiweto chake chikalowa m'malo a wolemera ankachitsekera m'khola mpaka atalipira. Kuba akavalo kunafala ndithu, ndipo a Kelly anali m'kati mwake. Bambo a Ned anali mu Irish amene anatumizidwa ku Van Diemen's Land, chilumba chimene lero amati Tasmania, ngati mkaidi chifukwa choba nkhumba ziwiri. Atamwalira mu 1866, mayi ake a Ned, Ellen, anakatenga maekala 88 pafupi ndi Greta, ali ndi chimtindi cha ana.

Njanji yochokera ku Melbourne inafika ku Wodonga mu 1873, ndipo Glenrowan inaphukira m'mbali mwake monga mmene Balaka ndi Luchenza zinaphukira kuno: siteshoni, sukulu, mahotela awiri a matabwa, ndi nyumba za okonza njanji. Sitima inkanyamula tirigu ndi ubweya wa nkhosa, inde, koma inkanyamulanso apolisi ndi akavalo awo, ndipo pambali pake panayala waya wa telegalafu. Ulendo wa masiku unasanduka wa maola. Achifwamba a m'tchire, amene kumeneko amati ma bushranger, anali atazolowera kuti boma lili kutali. N'chifukwa chake pokaba kubanki ya ku Euroa mu Disembala 1878, gulu la Kelly linayamba ladula kaye mawaya.

Dandaulo lawo silinali lopeka. Mu Epulo 1878 wapolisi Fitzpatrick ananena kuti a Kelly anamuwombera pakhomo pawo, ndipo woweruza Redmond Barry anagamula kuti Ellen akakhale kundende zaka zitatu, ali ndi mwana wakhanda. Ndani sangapse mtima amayi ake atatengedwa chotero? Koma pa 26 Okutobala chaka chomwecho, ku Stringybark Creek, Ned ndi anzake anapha apolisi atatu: Kennedy, Lonigan ndi Scanlan. Onsewo anali obadwira ku Ireland, kwawo kwa makolo a Ned yemweyo, ndipo Kennedy anasiya mkazi ndi ana asanu.

Tsono za ku Glenrowan. Usiku wa Loweruka, pa 26 Juni 1880, Joe Byrne, wa m'gulu la Kelly, anapha mnzawo wakale Aaron Sherritt pafupi ndi Beechworth pomuganizira kuti ndi kazitape wa apolisi. Ankadziwa kuti apolisi akamva akwera sitima yapadera. Ned ndi Steve Hart, wa m'gulu lomwelo, anadzutsa okonza njanji, mfuti ili kukhosi, kuti azule zitsulo pokhota kumpoto kwa siteshoni, sitimayo ikagubuduzikire kuphompho. Ganiza bwino pamenepa, mwana wanga: anthu amene ntchito yawo inali kulimbitsa njanji ndiwo anakakamizidwa kuiphwasula. Kenako gululo linasonkhanitsa anthu pafupifupi 60 mu hotela ya Ann Jones. Sitima inachedwa. Lamlungu lonse anthu anangomwa, kuvina ndi kusewera, pakhomo pali mfuti.

Pakati pawo panali mphunzitsi wa pasukulupo, Thomas Curnow. Anadzionetsa ngati wa mbali yawo mpaka Ned anamulola kupita kunyumba ndi banja lake. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha wa Lolemba, atamva sitima, anathamangira panjanji ndi kandulo ataiphimba ndi mpango wofiira, ndipo injini yotsogola inaima. M'sitimamo simunali apolisi okha: munali atolankhani, amayi awiri, ndi anyamata achiaborijini ochokera ku Queensland amene ankalondola mapazi. Ena mpaka lero amati Curnow anali wompereka mnzake. Ine, monga mphunzitsi mnzake, ndimati ananama bodza loyenera kunama.

Zimene apolisi anachita pambuyo pake n'zamanyazi. Anathira zipolopolo m'nyumba ya matabwa akudziwa kuti muli amayi ndi ana. Johnny Jones, mwana wa mwini hotela, wa zaka 13, anafa ndi chipolopolo cha apolisi. Chimodzimodzinso Martin Cherry, wokonza njanji. Byrne anafera m'katimo. Ned anatulukira kutchire kutayamba kuyera, atavala zitsulo zosulidwa kuchokera ku mapulawo, zolemera makilogalamu pafupifupi 44, ndipo anagwa atamuwombera m'miyendo. Masana apolisi anayatsa hotelayo, Dan Kelly, mng'ono wake wa Ned, ndi Hart n'kupezeka ali mitembo. Boma linali litatumiza ngakhale mzinga kuchokera ku Melbourne, koma zinthu zinatha uli panjira, ku Seymour. Njanji yomweyo inabweretsanso chikhamu cha odzaonerera, ndipo inanyamula Ned kupita naye ku Melbourne, kumene ananyongedwa pa 11 Novembala 1880, anthu masauzande atasayina kalata yomupemphera chifundo.

Mu 1881 komiti yofufuza ya boma inadzudzula apolisi, ena n'kutsitsidwa paudindo. Pa mphotho ya mapaundi 8,000, Curnow analandirapo 550, koma ku Glenrowan sakanakhalanso; anasamukira ku Ballarat poopa abale ndi abwenzi a Kelly. Olondola mapazi aja anawalembera mapaundi 50 aliyense, ndalamazo n'kuperekedwa m'manja mwa maboma a Victoria ndi Queensland, ndipo eni akewo sanazigwire.

Mwanayo usamulande ndowa yake, asewere. Koma akafunsa ngati Ned anali munthu wabwino, usayankhe ndi mawu amodzi. Umuuze za amayi ake a Ned kundende, umuuzenso za Johnny Jones, amene msinkhu wake sunasiyane kwambiri ndi wa iyeyo. Umuuze kuti malo amene olemera ndi osauka ankalimbiranawo anali ndi eni ake asanabwere onsewo.

Iwenso ndimakudziwa, ukangomva za kuponderezana magazi amawira. Kuntchito kwanuko ndi kutchalitchi kungakhale zidzukulu za a Kelly, za apolisi aja, za amene anatsekeredwa mu hotela, ndi za Aaborijini. Kwa iwe ndi mbiri, kwa iwo ndi maliro a pamtundu. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Uzifunsa, uzimvetsera, maganizo ako uzikanena kunyumba.

Mukapitanso ku Glenrowan musakangoima pa chifanizo chachikulu cha Ned cha pamsewu. Mukayende mpaka pasiteshoni ndi pamene panali hotela ya Jones, ndi pafupi pomwepo. Ku Mansfield kuli chipilala chokumbukira apolisi atatu aja, ndipo zitsulo zimene Ned anavala zili ku State Library Victoria, ku Melbourne. Patchuthi mukamuonetse zonsezo, ndipo iye mwini adzandilembere zimene waona.

Amayi ako akuti uwaimbire Lamlungu likudzali tikaweruka kutchalitchi.

Ndine,
Bambo ako