Usazengereze kukayezetsa, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Kuno tilipo, kungoti maondo anga aja akuvutabe.

Mng'ono wako wandiuza kuti zokayezetsa khansa ya khomo la chiberekero ukungoti mawa mawa, ati ukuchita manyazi. Sindikukuseka. Tonse tinalangizidwa kuti malo obisika saonetsa munthu wamba, ndiye kukagona chagada pamaso pa mlendo mtima sungakhale m'malo. Koma matendawa amayamba mwakachetechete, osapweteka, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi ikutha amayi kwambiri. Achipatala amati amayi a zaka 25 mpaka 49 aziyezetsa, ndipo iwe uli momwemo.

Zochitika zake n'zochepa. Anamwino amalowetsa kachipangizo kotsegulira njira, n'kupaka viniga pakhomo la chiberekero, kenako amadikira ngati mphindi imodzi. Malo amene ali ndi vuto amasanduka oyera. Kachipangizoko kamazizira, vinigayo amalumako pang'ono. Ukaumitsa thupi m'pamene zimapweteka, choncho uzikapuma pang'onopang'ono. Usankhe tsiku limene suli kumwezi, ndipo ukayambe wataya madzi usanalowe.

Chimene ndikufuna umvetse n'chakuti thupilo ndi lako ngakhale uli pabedi lachipatala. Utenge chitenje chapadera chofunda pamimba ndi m'maondo. Usavule chitseko chisanatsekedwe kapena katani asanakoke. Wopima akakhala bambo, upemphe kuti m'chipindamo mukhalenso namwino wamkazi. M'zipatala zikuluzikulu mumakhala ophunzira udokotala ndi unamwino. Ayenera kuphunzira, inde, koma ayambe akupempha, ndipo kunena kuti "pepani, sindikufuna anthu ambiri" si mwano. Ife a kale tinkangoti zii poopa yunifolomu, misozi n'kukagwetsera kunyumba. Iwe ukafunse chilichonse, ndipo zikapweteka unene kuti ayambe aima. Wina akakulankhula monyoza kapena kukugwira mosayenera, udzuke, uvale, ukadandaule kwa akuluakulu a pachipatalapo kapena kwa ombudsman wa chipatala, munthu amene amalandira madandaulo a odwala.

Zotsatira akakuuze uli wekha, osati pakhonde anthu ali pamzere. Buku lako lakuchipatala usamalisiye pabalaza, ukudziwa kuti pakhomo pako alendo sasowa. Woti umuuze usankhe wekha, ngakhale ine sindikukakamiza.

Ukapeza tsiku undiimbire, ndidzabwera kudzakuperekeza. Ndidzakudikirira pabenchi panja, kapena ndidzalowa nawe ngati ungafune ndipo anamwino atalola. Upereke moni kwa bambo a ana ndi adzukulu anga.

Ndine mayi ako.