Lipoti la nthumwi: ndalama zoyendetsera galimoto yamagetsi ndi yapetulo

Kwa a Wapampando ndi mamembala nonse,

Munatituma ku msonkhano wa eni magalimoto, amakaniko ndi amisiri a zamagetsi kuti tikamve bwino za funso lomwe takhala tikukangana m'gulu mwathu: kodi galimoto yamagetsi imadya ndalama zochepa pamsewu kuposa yapetulo? Yankho lomwe tabwera nalo ndi lakuti inde, koma kwa munthu amene amatchajira pomwe galimoto imagona usiku ndipo amayenda mtunda wautali pachaka. Amene angadalire malo otchajira mwachangu a m'mbali mwa msewu phindu lake limachepa kwambiri, mwinanso kutheratu.

Nthawi yambiri ya msonkhano inathera pa kawerengedwe, ndipo ifenso tichedwapo chifukwa zina zonse zikutsamira pamenepa. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi 9 kWh, kutanthauza mayuniti 9 a magetsi, popeza yuniti imodzi ya pamita ndi kWh imodzi. Koma pa mphamvu yonseyi, injini imafikitsa kumatayala gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi. Yotsalayo imathawa ngati kutentha kudzera mu radiyeta ndi ekizozi. Mota yamagetsi imasandutsa pafupifupi 90 peresenti ya magetsi omwe yalandira kukhala mphamvu yozunguza matayala, ndiponso dalaivala akachotsa phazi pamoto, motayo imagwira ntchito ngati jenereta n'kubweza magetsi ena mu batire.

Galimoto yaing'ono yapetulo imamwa malita 6 mpaka 8 pa makilomita 100. Yamagetsi yofanana nayo kukula imadya mayuniti 15 mpaka 20 pa mtunda womwewo. Apa pali msampha womwe ambiri amagweramo: nambala yomwe galimoto imaonetsa pa dashibodi ndi ya magetsi otuluka mu batire, pomwe inu mumalipira omwe adutsa pamita. Potchaja, 10 mpaka 15 peresenti imatayika mu chaja ndi m'mawaya. Choncho galimoto yoonetsa mayuniti 17 kwenikweni yakudyerani pafupifupi 19.

Ndiye titenge malita 7 mbali ino, mayuniti 19 mbali inayo. Mukagawa 19 ndi 7 mupeza 2.7. Ngati ndalama ya lita imodzi ya petulo ingagule mayuniti oposa 2.7, yamagetsi ndiyo yotchipa kuyendetsa. Mwachitsanzo chabe, ngati ingagule mayuniti 6, ndiye kuti malita 7 aja akulingana ndi mayuniti 42, pomwe yamagetsi yadya 19 basi, osafika ndi theka lomwe. Koma malo otchajira mwachangu amaika mtengo wawo pamwamba kuti abweze ndalama ya makina, ya malo ndi yolumikizira magetsi amphamvu. Yuniti yawo ikadula kawiri ndi theka kuposa yakunyumba, mayuniti 19 aja akhala ngati 47 kapena 48, ndipo petulo wapambana. Pa makilomita 20,000 pachaka tikunena za malita 1,400 kapena mayuniti 3,800. Aliyense achulukitse manambala awiriwa ndi mitengo yomwe amalipira kwawo.

Msewu womwe mumayenda nawonso umasintha masamuwa. M'tauni, momwe galimoto imangoima ndi kunyamuka, yapetulo imamwa kwambiri pomwe yamagetsi siidya pafupifupi kalikonse ikaima pamzere. Pamsewu waukulu zinthu zimatembenuka, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri, mphepo yokankha galimoto kutsogolo imakula kanayi, ndipo palibe mabuleki obwezera magetsi. Oyendetsa matakisi ndi operekera katundu m'tauni ndi amene amapindula kwambiri.

Za katchajidwe. Soketi wamba ya 230 V yopereka 10 A imatulutsa 2.3 kW, moti batire ya 60 kWh yotheratu ingafune maola oposa 26. Bokosi lotchajira la pakhoma la 7.4 kW, lomwe limakoka 32 A, limaidzaza pa maola 8 kapena 9, koma ndalama yoligulira ndi yoliikitsa iyenera kulowa m'masamu anu. Amisiri anachenjeza mobwerezabwereza za mawaya. Soketi yomwe imapirira ketulo kwa mphindi zisanu siingapirire 10 A usiku wonse ngati zomangira zake zili zolefuka: polumikiza pamatentha, pulasitiki imasungunuka, moto nkubuka. Galimoto ikhale ndi waya wakewake wochokera ku bokosi lalikulu la magetsi, wokhala ndi bulekala yake ndi chotetezera magetsi akathawira pansi, ndipo waya wa pansi ayesedwe ndi mmisiri wovomerezeka. Waya wowonjezera wopiringiza pa chigudumu musamayerekeze n'komwe, chifukwa kutentha kumaunjikana mkati mwake.

Chaja yachangu ya 50 kW kapena kuposerapo imakwera msanga mpaka cha ku 80 peresenti, kenako galimoto imachepetsa yokha magetsi olowa pofuna kuteteza batire, monga mmene munthu amachepetsera mpopi ndowa ikatsala pang'ono kudzaza. Pomwe amalipiritsa pa mphindi, kudikira 20 peresenti yomalizayo n'kutaya ndalama.

Ena anafunsa za jenereta ndi sola komwe magetsi amazimazima. Jenereta yaing'ono yapetulo imatulutsa mayuniti pafupifupi awiri pa lita, ndiye mayuniti 19 afuna malita oposa 9, kuposa 7 omwe galimoto yapetulo ikanamwa. Imeneyo ikhale yongopulumukirapo tsiku lovuta. Sola ndi yabwino: kumadera a dzuwa lambiri, mapanelo a 1 kW amapereka mayuniti 4 kapena 5 patsiku, choncho makilomita 100 patsiku akufuna mapanelo a 4 mpaka 5 kW. Vuto lake ndi lakuti dzuwa limawala nthawi yomwe galimoto yantchito ili pamsewu, ndipo batire yosungira magetsiwo mpaka usiku ndi ndalama inanso yaikulu.

Kugalaja, yamagetsi imapepukitsa thumba ndithu. Palibe kusintha oyilo ndi fyuluta yake pa makilomita 10,000 kapena 15,000 aliwonse, palibe mapulagi, kilachi, ekizozi, ngakhale timing belt, lamba wa mu injini, yomwe ikaduka imapinda mavalavu pa injini zambiri. Komabe amakaniko anakana mawu akuti galimotoyi siifuna sevisi. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi ndipo opanga ambiri amati asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse. Pali madzi oziziritsa batire ndi mota, pali fyuluta ya mpweya wa m'kabini, ndiponso pali batire yaing'ono ya 12 V yomwe ikafa galimoto siidzuka ngakhale batire yaikulu ili yodzaza. Mapadi a mabuleki amakhalitsa, koma popeza sagwira ntchito kawirikawiri, madisiki amachita dzimbiri ndipo makalipa, omwe amafinya mapadiwo, amauma osayendanso. Kuponda buleki mwamphamvu pamalo opanda anthu mwa apo ndi apo kumathandiza. Matayala ndiwo amatha msanga, chifukwa batire imawonjezera makilogalamu mazana angapo ndipo mota imakoka ndi mphamvu yonse ikangonyamuka. Gulani matayala oyenera kulemera kumeneko ndipo mpweya wake muziuyang'ana mwezi uliwonse.

Mkangano waukulu unali pa batire. Makampani ambiri amapereka chitsimikizo cha zaka 8 kapena makilomita 160,000, kulonjeza kuti batire siitsika pansi pa 70 peresenti ya mphamvu yake yoyamba. Wogula yatsopano ali ndi pothawira. Wogula yakale yomwe chitsimikizo chatha asenza yekha, ndipo batire ndiyo chipangizo chodula kuposa china chilichonse pagalimotoyo. Chomwe chimaikalambitsa msanga ndi kutentha komanso kuisiya nthawi yaitali ili yodzaza kapena yotheratu. Nissan Leaf, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2010, inatuluka ndi batire yosaziziritsidwa ndi madzi, ndipo zoyambirira zija zinafooka msanga kumadera otentha. Pa dashibodi yake pali timizere 12 tosonyeza thanzi la batire. Muwerengeni musanapereke ndalama, ndipo makaniko alumikize kompyuta pa soketi ya OBD, yopimira galimoto, kuti aone peresenti yeniyeni ndi kusiyana kwa maselo, tizigawo topanga batireyo. Funsaninso mtundu wa batire, kutanthauza mankhwala omwe ali mkati mwake. Ya NMC imakhalitsa mukamaidzaza mpaka 80 peresenti tsiku ndi tsiku, pomwe ya LFP opanga amalangiza kuti izifika pa 100 kawirikawiri kuti kompyuta iziwerenga bwino magetsi otsala. Polowera chaja napo pamasiyana: Leaf zakale zili ndi CHAdeMO, magalimoto ambiri a ku Europe CCS2, a msika wa ku China GB/T. Galimoto yosagwirizana ndi machaja a dera lanu imakhala yotchajira kunyumba kokha.

Inshuwalansi ifunsidwe musanagule, chifukwa kugunda pansi kowononga chikwama cha batire kungachititse kuti galimoto yonse ilembedwe kuti yatha ntchito. Musadalirenso kuti kukhululukidwa msonkho kwa magalimoto amagetsi n'kwamuyaya. New Zealand inayamba kulipiritsa magalimoto amagetsi molingana ndi mtunda woyenda mu April 2024, ndipo Britain inawaika pa msonkho wa pachaka mu April 2025.

Ife tikuona kuti gulu lisathamangire kugula kapena kukana lisanakhale ndi manambala akeake. Tikupempha kuti membala aliyense alembe kwa mwezi wathunthu makilomita omwe wayenda, malita omwe wathira, ndi malo omwe galimoto yake imagona, kuphatikizapo ngati pali mita ya magetsi yakeyake. Mubweretsenso malisiti a sevisi ndi a matayala a chaka chathachi. Pa msonkhano wathu wotsatira tidzatenga kusiyana kwa mtengo wogulira, kuphatikiza bokosi lotchajira, n'kukugawa ndi ndalama yomwe aliyense angapulumutse pachaka, kuti tione ngati zaka zobwezera ndalamayo zikukwana chitsimikizo cha batire chisanathe.

Ndife nthumwi zanu.