Ndimaphunzitsa anthu za ufulu wawo, koma penshoni yanga sikuoneka

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Lilongwe, ndipo ndimagwira ntchito m'bungwe lina lomwe si la boma, mwa aja omenyera ufulu wa anthu ndi utsogoleri wabwino. Dzina la bungweli sinditchula. Mukawerenga mpaka kumapeto mumvetsa chifukwa chake.

Ndiyambe ndi kunena kuti ntchito yangayi ndimaikonda. Timayenda m'midzi ndi m'misika kuphunzitsa anthu kulondoloza ndalama za chitukuko za m'dera la phungu, zija timati CDF, komanso kufunsa kukhonsolo momwe ndalama zawo zayendera. Chiyambireni kugwira ntchito lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma mu September 2020, ndaona ndi maso angawa amayi omwe kale ankanjenjemera pakhomo la ofesi ya DC akulemba okha kalata yofunsa za mjigo womwe unalembedwa m'mabuku koma pamudzi palibe. Mayi wina anabwera kumsonkhano wathu atakulunga yankho la kukhonsolo m'jumbo, nalimangirira m'nsalu ngati ndalama, n'kuliwerenga mokweza pamaso pa mfumu ndi khansala. Zotere ndi zomwe zimandidzutsa m'mamawa. Chisankho cha pa 16 September 2025 chisanachitike tinkagona m'maulendo, kufotokozera anthu kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Palibe anandikakamiza, ndinkachita ndi mtima wanga wonse.

Koma Azakhali, m'bungwe mwathu momwemo zinthu sizili bwino, ndipo ndasowa womuuza.

Mwezi uliwonse pakapepala ka malipiro pamaoneka kuti andidula ndalama ya penshoni. Lamulo ndimalidziwa: wantchito amapereka 5 peresenti, bwana amaonjezerapo 10 peresenti, ndipo zonsezo zimayenera kutumizidwa kukampani yosunga penshoni. Posachedwapa ndinapita kukampaniko kukapempha sitetimenti. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana pakompyuta, n'kundiyang'ana ine, kenaka n'kutembenuza sikirini kuti ndidzionere ndekha. Miyezi yambirimbiri yangokhala yopanda kanthu. Kudula akudula, koma kutumiza ayi. Nditafunsa akauntanti wathu, anatseka chitseko kaye n'kundinong'oneza kuti ndalamazo amalipirira lendi ya ofesi ndi mafuta a galimoto podikira thandizo lina, ndipo zikadzafika adzabweza zonse. Iyenso ndi wodulidwa ngati ine, ndiye sindikumuda. Koma ndalama imeneyo si ya bungwe, ndi thukuta langa, ndi yomwe ana anga angadzaone ine nditatsogola.

Nkhani ina ndi ya makontirakiti. Chilowereni ntchito, ndakhala ndikusaina kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, ikatha ina, ikatha inanso, zaka n'kumapita ndili pa desiki yomweyo, ntchito yomweyo. Amati pulojekiti ndiye imalamula. Ndikapita kubanki kukapempha ngongole amandibweza chifukwa cha kontirakiti yaifupiyo, moti fizi ya mwana wanga wa ku sekondale ndimaidalira banki mkhonde. Chonsecho lamulo la zantchito la 2000, pa gawo 28, limati munthu akamalembedwa kwakanthawi pamalo a ntchito yokhazikika ya tsiku ndi tsiku, kontirakitiyo imatengedwa ngati yopanda malire a nthawi. Gawo limeneli ndinaliphunzitsapo anthu ogwira ntchito m'maesiteti a fodya. Pobwerera m'galimoto tsiku limenelo sindinalankhule ndi aliyense.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tonse muofesi tinadziwa kuti thandizo lomwe limabwera m'madola lasanduka makwacha ochuluka. Shuga, mafuta ophikira, minibasi, zonse zinakwera sabata yomweyo. Malipiro athu anakhala pomwepo. Anatiuza kuti bajeti inavomerezedwa kale ndi opereka thandizo ndipo siingasinthidwe. Mwina ndi zoona, koma bajetiyo palibe wa ife anaionapo. Ife amene timauza makhonsolo kuti apachike bajeti pakhoma kuti aliyense awerenge, yathu ili m'dirowa ya bwana.

Chomwe chandilembetsa kalata ino kwenikweni ndi nkhani ya dalaivala wathu. Dziko la America litaimitsa thandizo lake kumayiko ena mu January 2025, pulojekiti yathu yaikulu inatsekedwa, ndipo anzathu angapo anauzidwa kuti kontirakiti yawo siionjezeredwa. Mmodzi mwa iwo ndi bambo ameneyu, munthu wamkulu, yemwe m'nthawi ya zionetsero za 2019 ankatitulutsa pakati pa utsi wokhetsa misozi ndi miyala, maso ali psu, koma osasiya chiongolero. Anapita wopanda ndalama ya chipukuta misozi yomwe munthu amalandira akachotsedwa chifukwa ntchito yachepa, ija ya malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse pazaka zisanu zoyambirira. Anati iye sanachotsedwe, kontirakiti yangotha yokha. Mwezi watha ndinamupeza pasiteji akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto ya mwini wake. Anandilonjera mwaulemu monga kale, n'kufunsa ngati ndamvako za penshoni yake. Ndinasowa choyankha.

Za maola ndisachite kunena zambiri. Lamulo limati maola 48 pa sabata, koma ife Loweruka ndi Lamulungu tili kumisonkhano, usiku tikulemba malipoti, tchuthi chimangolembedwa papepala. Zimenezo ndikanapirira, poti ntchito yotere siiyang'ana wotchi. Chomwe chimandipweteka ndi yankho lomwe timalandira tikadandaula. Bwana wamkulu amati ino si kampani, tili pankhondo yomenyera Amalawi, ndipo wofuna ndalama apite kubanki akalembedwe. Wina akalimbikira, mphekesera zimayamba zoti wagulidwa ndi andale. Mnzanga wina atafunsa za alawansi ya ulendo pamsonkhano wa ogwira ntchito, sabata yotsatira anamuchotsa pagulu la WhatsApp la ofesi, ndipo anthu anayamba kudya nkhomaliro momutalikira.

Ndisaname, bwanayu si munthu wamantha kapena wadyera pankhani za dziko. Ndamuona akulandira mafoni oopseza usiku koma m'mawa n'kupita pawailesi kukalankhula zomwezo. N'chifukwa chake mtima wanga wagawanika. Ndikapita ku ofesi ya zantchito kapena kukhoti loona milandu ya apantchito, nkhaniyi siikhala yanga ndekha. Andale omwe takhala tikuwafunsa mafunso ovuta aitola tsiku lomwelo, aiika pa Facebook, ati taonani akuba omwe amatinena ife. Opereka thandizo omwe atsala akhoza kuthawa, ndipo NGORA, yomwe imayang'anira mabungwe ngati lathu, ikhoza kutilowerera. Bungwe likatsekedwa, anzanga onse akhala pakhomo, penshoni yomwe ndikufunayo sindiiona, ndipo amayi aja a mjigo asowa wowaperekeza kukhonsolo. Koma ndikakhala chete, ndiye kuti ndikuchita chomwe ndimauza anthu kuti asachite. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera, ndipo silinapatule ife a m'mabungwe.

Amuna anga akuti ndingosiya mwakachetechete ndikafune kwina. Mayi anga akuti ntchito yasowa, ndigwire pakamwa, ana adye. Kutchalitchi sindingaitchule, chifukwa mmodzi wa akuluakulu a bodi yathu timapemphera naye. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu.

Azakhali, ndithandizeni. Kodi ndiyambe ndalembera bodi kalata, ngakhale ambiri mwa iwo ndi anzake a bwana ndipo amakumana mwa apo ndi apo? Ndilembe ndekha, kapena ndiyese kukopa anzanga kuti tisaine tonse, podziwa kuti ena akhoza kukandineneza kalata isanafike? Ndamva kuti nkhani za penshoni zimayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Kodi munthu angakadandaule kumeneko dzina lake osaululika? Nanga kuuza opereka thandizo mwachindunji, kumeneko n'kufuna chilungamo kapena n'kuyalutsa bungwe lomwe landilera? Ndipo bambo uja wa kabaza ndimuuze chiyani, popeza iye alibenso ntchito yoti aope kutaya, koma akadzapita kukhoti adzafuna ine ndikamuikire umboni?

Kontirakiti yanga ikutha miyezi iwiri ikubwerayi. Ndikufuna kudziwa chochita isanafike nthawi yosainanso.

Ine mwana wanu,
Wothedwa nzeru, Lilongwe