Ubwenzi wa m'minda ya tiyi

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko za anthu amene satchulidwa kawirikawiri m'nyuzipepala, omwe ndi othyola tiyi a kuno ku Mulanje, chifukwa pakati pawo ndi pamene ndinapeza anzanga enieni.

Tinkalawirira m'mamawa chifunga chisanachoke m'tsinde mwa phiri, dengu lili kumsana, pulasitiki tamanga m'chiuno kuti titchinge mame. Lamulo linali lothyola masamba awiri ndi kansonga kake, ndipo kapitawo sankalola masamba okhwima. Mnzanga wina, mayi wa ku Limbuli, akaona kuti dengu langa lapepuka, ankatapa masamba ake n'kuthira mwanga tisanafike pa sikelo, ngakhale kuti malipiro ankatengera makilogalamu. Sankafuna n'komwe kuti ndimuthokoze pagulu.

Loweruka tinkasonkhana kwawo kudya kalongonda. Nyemba imeneyi imafuna kuwiritsidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi imaledzeretsa, choncho podikira tinkakamba za ana, za mtengo wa nandolo ndiponso za gule wa tchopa, amene iye ankavina mosaona nkhope.

Namondwe wa Freddy atawononga mu Marichi 2023, gulu lathu linabalalika; ena anapita ku Luchenza, ena anawoloka pa Muloza kutsatira abale ku Mozambique. Lero timangolankhulana pa foni, zomwe kwa ine sizikwanira. Ndikupempha kuti mutumize mtolankhani adzacheze ndi amayi amene akadali m'mindamo.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Chitakale, Mulanje