Msonkhano wa alezi ndi ophika phala: zakudya zowenga ana

Alezi ndi amayi ophika phala m'sukulu za mkombaphala za kuno ku Mangochi boma, Loweruka likudzali tikumane pasukulu yathu ya masiku onse, 9 koloko m'mawa mpaka 12 koloko.

Nkhani ndi ya ana omwe zakudya zina zimawawenga: mtedza, soya, mazira, mkaka ndi nsomba. Kuphika sikuchotsa vutoli. Mthiko womwe mwatakasira phala la nsinjiro, kapena mafuta omwe mwakazingira usipa, ndi zokwanira kumudwalitsa mwana wotere. Choncho tidzaphunzira kupatula mphika, mthiko ndi mbale zake.

Mwana akadya chomuwenga, zizindikiro zimabwera pakangopita mphindi zochepa, mwina mpaka maola awiri: ziwengo, kusanza, kutupa milomo ndi zikope. Akatupa lilime, kubanika kapena kulefuka, thamangirani naye kuchipatala pompo kuti akabayidwe adrenaline, jakisoni wothandiza kutsegula pakhosi. Piriton amangochepetsa kuyabwa, satsegula pakhosi, ndipo pamenepa ambiri timachedwerapo.

Mubweretse kope, cholembera, K1,000 ya chakudya, ndi mayina a ana omwe makolo awo anakuuzani kuti china chimawawenga, mulembenso chakudyacho.

Yankhani pofika Lachinayi ngati mubwera.