Anapepesa, koma ana a Aaborijini akulandidwabe

Akonzi,

Chaka chilichonse pa 13 February, anthu kuno ku Australia amakumbukira tsiku limene nduna yaikulu Kevin Rudd anaimirira m'nyumba ya malamulo ku Canberra mu 2008 n'kupepesa kwa Aaborijini, eni nthaka a dziko lino, chifukwa cha ana awo amene boma linkawalanda. Ambiri amaganiza kuti nkhaniyi inathera pomwepo. Ine ndikukana.

Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka m'ma 1970, apolisi ankafika m'midzi ya Aaborijini n'kunyamula ana, makamaka a khungu loyererapo. Amayi ena ankapaka ana awo makala kuti ade, akamva kuti galimoto ya boma ikubwera. Lipoti la Bringing Them Home la mu 1997, lofufuza za kulandidwa kwa anawa, linati pa ana 10 alionse ankalanda mmodzi, mwinanso mpaka mmodzi pa atatu alionse. Kumalo osungirako anyamata ku Kinchela, ana ankaitanidwa ndi nambala, osati dzina. Ku Cootamundra, atsikana ankaphunzitsidwa kuchapa ndi kukolopa kuti akagwire ntchito m'nyumba za azungu.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Agogo ena amene ndinkawasambitsa anandiuza kuti anatengedwa ali ndi zaka zinayi. Atabereka mwana wawo woyamba, akuti ankangomuyang'ana akalira, osadziwa kumunyamula kapena kumuimbira kuti agone, poti iwo palibe amene anawachitirapo zimenezi. Chinenero cha amayi awo anangotsala ndi mawu awiri kapena atatu. Mwana ujayo anakula n'kulowerera mowa, ndipo zidzukulu ziwiri anazitenga a boma. Pondiuza zimenezi sanalire n'komwe, ankangopinda kansalu kopukutira m'manja n'kukapindanso.

Ndimo mmene bala limayendera m'banja. Boma linachotsa mwana kwa makolo, mwanayo anakula osaona mmene mwana amaleredwera, ndiye lero boma lomwelo likubwera ndi mafomu n'kunena kuti banjali silitha kulera. Pamene Rudd ankapepesa, ana a Aaborijini oleredwa kunja kwa makolo awo analipo pafupifupi 9,000. Panopa afika pafupifupi 20,000. Mu 2020, pa mgwirizano wa Closing the Gap, wofuna kuthetsa kusiyana kwa moyo wa Aaborijini ndi wa anthu ena, boma lalikulu ndi maboma a zigawo analonjeza kuchepetsa vutoli ndi 45 peresenti pofika 2031, koma chiwerengero chikungokwera.

Sindikunena kuti mwana azisiyidwa pamene akuzunzidwa, ayi. Koma ife amene tinaleredwa ndi azakhali kapena amalume sitidabwa kumva kuti kwa Aaborijini nawonso mwana ndi wa mbumba yonse. Lamulo loti achibale ayambe afunsidwa lilipo kale. Chikusowa ndi ndalama: zambiri zimapita kolipira osunga ana mwana atachotsedwa kale, pamene zothandiza mayi asanalandidwe mwana n'zochepa. Ndalamazo azipereke ku mabungwe oyendetsedwa ndi Aaborijini eni ake, ndiponso kwa agogo amene akulera zidzukulu ndi penshoni yawo.

Wowerenga nyuzi yanu,
Perth