Magazi akuti ndilibe herpes, nanga timatuzati tachokera kuti?

Alangizi,

Ndikulemba pakati pa usiku, tulo tandithawa. Pepala la zotsatira lili m'manja mwangamu, alembapo HSV-2 IgG 0.4, kutanthauza kuti ndilibe HSV-2, kachilombo kopatsirana pogonana koyambitsa herpes, matenda a timatuza kumaliseche. Koma masabata awiri apitawo kumaliseche kunayamba kunyerenyetsa, kenako kunatuluka timatuza titatu tamadzi togundizana. Titaphulika tinasanduka tizilonda towawa kwambiri mkodzo ukatikhudza.

Chikundisautsa n'chakuti ndikudziwa mmene kuyezaku kumayendera. M'magazi safufuzamo kachilombo, amafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amatha kutenga masabata 12 asanaoneke. Ine anandiyeza patangotha masabata atatu chichitikire chinthu chimene sindingachilembe pano. Sindine woyendayenda, zinachitika kamodzi kokha, nthawi imene bambo akunyumba sankandiyankhula n'komwe.

Njira yodalirika inali PCR, yopukuta madzi a m'thuza ndi kathonje, makamaka m'maola 48 oyambirira. Ndinazengereza ndi manyazi, ndinakafika kuchipatala zilonda zitachita kale nkhanambo. Namwino anati palibenso chopukuta, anangotenga magazi. HSV-1, mtundu wina wa kachilomboka, sanayeze, chonsecho nayonso imafika kumaliseche kuchokera pa zilonda zapamilomo, ndipo bambowa zimawatuluka kawirikawiri. Ndiye wandipatsa ndani?

Bambowa akuti ndi sopo. Zoonadi anagula wina wonunkhira ine nditawauza kale kawiri kuti amandiwenga, ndipo mpaka lero sanapepese. Koma sopo amafiiritsa khungu ponse pamene wakhudza, kawirikawiri satulutsa timatuza malo amodzi. Tiziphuphu ta lezala timamera patsinde pa tsitsi. Mafangasi nthawi zambiri amabwera ndi chikazi choyera chambulumbulu, ine ndilibe. Chilonda cha chindoko nthawi zambiri sichiwawa, zanga zinandiliza.

Ndiye ndikhulupirire pepala kapena thupi langa? Ndidikire masabata 12 akwane ndikayezetsenso? Nanga nambala ya papepala ikadzatuluka pakati pa 1.1 ndi 3.0, pamene zotsatira zimanama kawirikawiri, ndidzatani? Kapena ndingoyembekezera thuza lina kuti ndithamangire PCR tsiku lomwelo? Kachilomboka kamapatsirana ngakhale khungu likuoneka bwinobwino, kondomu imangochepetsa ngozi, ndipo zifukwa zowakanira kuchipinda zandithera. Ndikawauza kuti tikayezetse limodzi adzafunsa kuti bwanji, poti pepala lanena kale kuti ndilibe. Ndidzawayankha chiyani?

Mayi wosowa mtendere